Akavalo Amphongo a Mjaho ndi Mtundu Wao

Inu ana a sukulu ndi makolo a m'komboni ya Linda ndi makomboni ena a mu Lusaka, phunziro lathu la lero likunena za kavalo. Ambiri a ife nyamayi timangoionera patali. Timaiona pamene apolisi okwera pa akavalo aperekeza Mtsogoleri wa Dziko pa mwambo wotsegulira Nyumba ya Malamulo, kapena pa Chionetsero cha Zaulimi ndi Zamalonda ku Showgrounds, kapenanso kuseri kwa mpanda wa pulazi lina kumwera kwa mzinda. Ndi ochepa mwa ife amene adzakhale ndi kavalo waowao. Tsono mwina mufunsa kuti, kodi nkhani ya akavalo itipindulira chiyani ife amene tiweta nkhuku, abakha, mbuzi ndi nkhumba kuseri kwa nyumba?

Yankho lake ndi ili. Pali mtundu wina wa akavalo, wotchedwa Thoroughbred, umene makolo ake akhala akulembedwa m'buku mosadukiza kwa zaka zoposa 200. Pa ziweto zonse, ndi zochepa zimene mbiri yake yasungidwa mosamala chotero. Kaamba ka ichi, akavalo amenewa ali ngati sukulu yaikulu ya kaswanitsidwe ka ziweto. Zimene eni ake anakhoza ndi zimene analakwa zonse zinalembedwa, ndipo ife tingathe kuphunzirapo osalipira mtengo umene iwo analipira.

Chiyambi cha mtunduwu

Thoroughbred ndi kavalo amene anaumbidwa ndi anthu kaamba ka ntchito imodzi, ndiyo kuthamanga. Ali ndi miyendo yaitali, chifuwa chakuya ndi khungu lopyapyala. Kulemera kwake kumafika pafupifupi makilogalamu 500, ndipo pa mjaho amathamanga liwiro la makilomita ngati 60 pa ola, atabereka munthu kumsana.

Mtunduwu unayambira ku England. Anthu olemera a kumeneko anali ndi akavalo aakazi a m'dziko lao, koma anafuna kuonjezera liwiro ndi kupirira, motero anaitanitsa amphongo kuchokera ku maiko a Aluya ndi a Aturuki. Amphongo otere anabwera ambiri, koma atatu okha ndiwo amene mzera wao wa kuchimuna wafika mpaka lero. Woyamba ndi Byerley Turk, kavalo wa nkhondo wa Kaputeni Robert Byerley, amene anamkwera pa nkhondo ya ku Boyne m'chaka cha 1690. Wachiwiri ndi Darley Arabian, amene Thomas Darley anagula mu mzinda wa Aleppo ku Syria namtumiza ku England mu 1704. Wachitatu ndi Godolphin Arabian, amene anafika ku England cha m'ma 1729 atadzera ku France.

M'chaka cha 1791 James Weatherby anayamba kusindikiza buku lotchedwa General Stud Book, m'mene analembamo akavalo aakazi, ana ao, ndi amphongo amene anabereka anawo. Kuchokera pamenepo lamulo linakhazikika pang'onopang'ono lakuti kavalo sangatchedwe Thoroughbred pokhapokha atate ake ndi amake ali olembedwa m'buku lovomerezeka. Kavalo angathe kukhala wokongola ndi waliwiro ndithu, koma ngati makolo ake sanalembedwe, salowa m'gululi.

Pa amphongo atatu aja, Darley Arabian ndiye anafalikira koposa. Iye anabereka Bartlett's Childers, ameneyo anabereka Squirt, Squirt anabereka Marske, ndipo Marske anabereka Eclipse. Eclipse anabadwa mu 1764, chaka chimene kunachitika kadamsana wa dzuwa, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Anathamanga mijaho 18 m'zaka za 1769 ndi 1770, osagonja ndi kamodzi komwe. Akatswiri amene anafufuza nkhaniyi mu 2001 anapeza kuti pa akavalo a Thoroughbred 100 alionse, pafupifupi 95 mzera wao wa kuchimuna umakathera kwa Darley Arabian. Taonani chinthu china m'mndandandawu: Bartlett's Childers sanathamangepo mjaho ngakhale umodzi, komabe mtundu wa Eclipse unadzera mwa iye. Mfundo imeneyi tidzakumana nayonso kutsogoloku.

Chifukwa chake mphongo ndi wokwera mtengo

Mwana wa kavalo amatenga theka la chibadwa chake kwa atate, ndi theka lina kwa amake. Pamenepa palibe woposa mnzake. Nanga bwanji mphongo ndiye amatchuka ndi kugulidwa ndalama zochuluka?

Chifukwa chake ndi chiwerengero. Kavalo wamkazi amakhala ndi bere miyezi 11, ndipo kawirikawiri amaswa mwana mmodzi yekha pa chaka. Koma mphongo mmodzi wotchuka angathe kukwera akazi 100 kapena 200 pa nyengo imodzi. Ena amatengedwa pa ndege kupita ku Australia nyengo ya ku Ulaya ikatha, kuti akagwire ntchito yomweyo kachiwiri m'chaka chimodzi. Motero mkazi wabwino amakonza banja limodzi, koma mphongo, wabwino kapena woipa, amasintha khola lonse ndi makola a anansi omwe. Izi n'chimodzimodzi ndi nkhunzi, tonde ndi tambala.

Kavalo wamphongo amene wachita bwino pa mijaho amapumitsidwa ali ndi zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, n'kupita ku pulazi loswanitsira. Eni ake amalengeza dzina lake, makolo ake, mijaho imene anapambana, ndi ndalama zimene mwini kavalo wamkazi ayenera kulipira pokweretsa. Nthawi zambiri pamakhala pangano lakuti ndalamazo zidzalipiridwa mkaziyo akatsimikizika kuti ali ndi bere, kapena mwana akabadwa wamoyo, naimirira, nayamwa. Malamulo a mtunduwu salola kubereketsa ndi jekeseni wa umuna: mphongo ndi mkazi ayenera kukumana ndithu. Mwana akabadwa, makolo ake amatsimikizidwa poyeza DNA asanalembedwe m'buku.

Palinso lamulo lina lodabwitsa. Akavalo onse a mtunduwu amaonjezera chaka pa tsiku limodzi. Ku Ulaya ndi ku North America tsikulo ndi 1 Januwale, pamene ku South Africa ndi ku Australia ndi 1 Ogasiti. Mijaho imagawidwa molingana ndi zaka, tsono oweta amayesetsa kuti ana abadwe tsikuli litangopita kumene, kuti podzapikisana ndi anzao adzakhale okhwimirapo.

Kuti muone kukula kwa malondawa, tamvani za akavalo awiri. Northern Dancer anabadwa ku Canada mu 1961. Anali wamfupi, ndipo pamene anaikidwa pa malonda ali ndi chaka chimodzi, pa mtengo wa madola 25,000, panalibe amene anamgula. Mwini wake, E. P. Taylor, anamsunga, ndipo mu 1964 kavaloyo anapambana mjaho wa Kentucky Derby. Atapuma anabereka ana otchuka monga Nijinsky, Danzig ndi Sadler's Wells, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ena ankalipira mpaka madola 1 miliyoni kuti akweretse mkazi mmodzi. Sadler's Wells anabereka Galileo, ndipo Galileo anabereka Frankel, amene anabadwa mu 2008 napambana mijaho yake yonse 14. Pamene Frankel anayamba ntchito yobereketsa mu 2013, mtengo wake unali mapaundi 125,000 pa mkazi mmodzi, ndipo pofika 2024 unali utakwera kufika mapaundi 350,000. Mtengowo unakwera chifukwa ana ake nawonso anali atayamba kupambana.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati, make mbuu, mwana mbuu. Mau amenewa ndi oona, koma saona mbali zonse. Akatswiri amati pa kusiyana kwa liwiro kumene kumaoneka pakati pa akavalo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo lochokera ku chibadwa. Zotsalazo zimachokera ku chakudya, thanzi, kaphunzitsidwe, wokwerapo, ndi mwai wa tsikulo. Ndiponso ngakhale ana a bere limodzi satenga chibadwa chofanana ndendende, monga m'mene inu mumasiyanirana ndi abale anu.

Anthu ena analipira zambiri kuti aphunzire zimenezi. Mu 1983 mwana wina wa Northern Dancer, wotchedwa Snaafi Dancer, anagulidwa madola 10.2 miliyoni ali ndi chaka chimodzi. Atayesedwa anapezeka wochedwa kwambiri kotero kuti sanamlowetse pa mjaho uliwonse, ndipo atampititsa kokabereketsa anapezekanso kuti mphamvu yake yobereka inali yochepa zedi. Mu 2006 kavalo wina, The Green Monkey, anagulidwa madola 16 miliyoni. Anathamanga katatu, osapambana ndi kamodzi komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya Secretariat ili ndi phunziro lina. Mu 1973 kavalo ameneyu anapambana mijaho itatu yaikulu ya ku America, ndipo pa wotsiriza, wa Belmont Stakes, anasiya anzake kumbuyo ndi mtunda wolingana ndi akavalo 31 atandandalika. Anthu anayembekeza kuti adzabereka ana aamuna onga iye, koma mwa iwo munalibe wofika pa atate ao. Ulemu wake unadzaonekera mwa ana ake aakazi, amene anaswa amphongo otchuka monga Storm Cat ndi A.P. Indy. Tsono woweta wanzeru poona mndandanda wa makolo sayang'ana kuchimuna kokha. Amafunsanso za amake a nyamayo, ndi za atate a amakewo.

Dziwaninso kawerengedwe aka. Kholo lililonse limapereka theka. Gogo aliyense amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo kholo la gogo limapereka gawo limodzi mwa magawo 8. Munthu akakutamandirani chiweto potchula kholo lotchuka la mibadwo isanu yapitayo, dziwani kuti gawo la kholo limenelo m'chiwetocho ndi limodzi chabe mwa magawo 32.

Kavalo wa ku Marondera

Musaganize kuti zonsezi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Kwa anansi athu ku Zimbabwe kuli bwalo la mijaho la Borrowdale Park mu Harare, ndipo ku South Africa mjaho wa Durban July unayamba kale mu 1897. M'chaka cha 1998, pa pulazi lina pafupi ndi Marondera ku Zimbabwe, panabadwa kavalo wamkazi amene anatchedwa Ipi Tombe. Atate ake anali Manshood, mphongo amene, monga Bartlett's Childers uja, sanathamangepo mjaho. Koma Manshood anali mwana wa Mr. Prospector, mphongo wotchuka wa ku America, ndipo amake anali Indian Skimmer, amene anapambana mijaho yaikulu ku Ulaya. Kuchikazi kwa Ipi Tombe kunalinso mtundu wa Northern Dancer.

Ipi Tombe anagulidwa pa mtengo wotsika ali wamng'ono. Anayamba kupambana pa Borrowdale Park, kenaka anapita ku South Africa m'manja mwa mphunzitsi wa akavalo Mike de Kock, ndipo mu 2002 anapambana Durban July, kugonjetsa amphongo. Mu 2003 anapambana mjaho wa Dubai Duty Free ku Dubai, ndipo chaka chomwecho anakapambananso pa bwalo la Churchill Downs ku America. Pa mijaho 14 imene anathamanga anapambana 12, ndipo pa iwiri yotsalayo anali wachiwiri.

Kodi nkhaniyi ikutsutsana ndi ya Snaafi Dancer? Iai. Onse awiri, Manshood ndi Snaafi Dancer, anali ndi makolo omveka, ndipo onse awiri sanaonetse okha luso pa bwalo. Makolo abwino anapereka chifukwa chowayesera, koma chiweruzo chenicheni chinaperekedwa ndi ana. Mphongo amadziwika ndi ana ake, ndipo mpaka anawo atakula, mwini wake amakhala akungoyembekeza.

Chifukwa chake akavalo ndi ochepa kwathu

M'Zambia muno akavalo alipo, makamaka m'mapulazi a m'mbali mwa njanji, monga kuzungulira Lusaka ndi Mazabuka. Amagwiritsidwa ntchito pa masewera a polo ndi polocrosse, pa mipikisano yolumpha mipanda, ndi pa ntchito za apolisi. Pa mpikisano wa dziko lonse wa polocrosse umene unachitikira ku South Africa mu 2015, gulu la Zambia linafika pa ndime yotsiriza nkukhala lachiwiri. Akavalo ambiri a masewera otere ali ndi magazi a Thoroughbred, ndipo ena ndi amene anapuma pa mijaho.

Koma makolo athu sanawete akavalo monga anachitira anthu a kumpoto kwa Africa, ndipo matenda ndiwo chifukwa chachikulu. Choyamba ndi ntchentche ya kashembe, imene imafalitsa tizilombo ta m'magazi topha ng'ombe ndi akavalo m'zigwa monga za Luangwa ndi Zambezi. Chachiwiri ndi nthenda yotchedwa African horse sickness. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma, tating'ono kuposa udzudzu, timene timachuluka nyengo ya mvula ndi kuluma kwambiri madzulo ndi m'mamawa. Mbidzi zimasunga kachilombo ka nthendayi osadwala kwenikweni, koma pakati pa akavalo opanda katemera ingathe kupha 9 mwa 10 alionse amene yawagwira. Nchifukwa chake osamalira akavalo amawabaya katemera chaka ndi chaka, ndi kuwatsekera m'khola dzuwa lisanalowe mpaka litakwera. Chachitatu ndi nthenda ya dourine, imene imapatsirana pokwerana. Mphongo mmodzi wodwala angathe kuipereka kwa akazi onse obwera kwa iye, choncho m'pofunika kuyeza magazi nyama zisanakumane.

Apa pali chenjezo kwa aliyense wokhumbira ziweto za kunja. Nyama imene inaumbidwira dziko lina imafuna chisamaliro choposa kuti ikhale moyo kuno. Ng'ombe zathu za mitundu ya Angoni, Barotse ndi Tonga sizikula msanga ngati za kunja, koma zinazolowera kutentha, nkhupakupa ndi msipu wouma wa m'chilimwe. Kupirira kumeneku nakonso ndi chuma cha m'magazi, ndipo kukatayika n'kovuta kukabweza.

Kuopsa kwa chibale

Buku la akavalo a Thoroughbred lili ngati mudzi wotsekedwa umene mlendo salowamo. Pamwamba pa apo, oweta onse amathamangira amphongo ochepa otchuka. Zotsatira zake n'zakuti akavalowa akuyandikirana chibale m'badwo uliwonse. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020, atayeza akavalo oposa 10,000 a m'maiko osiyanasiyana, anaonetsa kuti kukwerana pachibale kunali kutakula kwambiri pa zaka pafupifupi 45 za m'mbuyo mwake. Chaka chomwecho bungwe la Jockey Club ku America linakhazikitsa lamulo lakuti mphongo wobadwa kuyambira 2020 asakwere akazi oposa 140 pa chaka, koma eni mapulazi ena aakulu analitsutsa, ndipo linachotsedwa mu 2022.

Kodi chibale chimaipa bwanji? Nyama iliyonse imasunga m'chibadwa chake zilema zina zobisika, zimene sizionekera ngati zachokera kwa kholo limodzi lokha. Koma atate ndi amake akakhala pachibale, mpata umakula wakuti onse awiri apereke chilema chofanana, ndipo pamenepo chimaonekera mwa mwana. Zizindikiro zake ndi kuchepa kwa kubereka, ana ofooka, kukula mochedwa ndi kusalimba ku matenda. Woweta wa m'komboni amene wasunga tambala mmodzi zaka zinayi, nakwera ana ake ndi zidzukulu zake zomwe, akuchita pang'ono zomwezo zimene zikudetsa nkhawa eni akavalo a mamiliyoni.

Zoti titengepo

Tsono tibwerere ku Linda, kuseri kwa nyumba kumene kuli khola la mbuzi ndi chitupa cha nkhuku.

Choyamba, lembani. Chimene chinapanga Thoroughbred ndi buku. Kope la sukulu ndi lokwanira: tsiku lobadwa, make, atate ake, ana angati anabadwa, angati anakula. Chikumbumtima cha munthu chimasunga mbuzi imodzi yabwino n'kuiwala zisanu zimene zinafa.

Chachiwiri, posankha tonde, nguluwe yoweta kapena tambala, musakhutire ndi maonekedwe kapena ndi dzina la mtundu wake, ngakhale wogulitsa atanena kuti ndi Boer weniweni. Pemphani kuona make, ndipo ngati nyamayo inaberekapo kale, pitani mukaone ana ake m'khola lofanana ndi lanu, odya chakudya chonga chimene inu mungathe kupereka.

Chachitatu, musaiwale yaikazi. Theka la mwana ndi lake, ndipo ndiyo imayamwitsa.

Chachinayi, sinthani yamphongo isanayambe kukwera ana ake. Ngati ndalama zogulira ina palibe, sinthanani ndi woweta wa dera lina, ndipo zamphongo zosafunika muzifule kapena kuzigulitsa.

Chachisanu, yang'anirani thanzi. Nyama yobwereka kapena yogula kumene ikhale payokha masiku angapo isanasakanizidwe ndi zanu, ndipo funsani alangizi a za ziweto. Eni ng'ombe ali ndi mwai umene eni akavalo a mjaho anadzikaniza okha, pakuti kwa ng'ombe kubereketsa ndi jekeseni n'kololedwa, ndipo likulu la boma la ntchito imeneyi linakhazikitsidwa ku Mazabuka.

Mau otsiriza ndi a inu anyamata amene mumaona mijaho ya akavalo pa makanema a m'nyumba zobetchera. Mwamva kuti anthu odziwa makolo a kavalo mpaka mibadwo khumi, okhala ndi madokotala ndi aphunzitsi a akavalo, anataya madola 16 miliyoni pa kavalo amene sanapambane. Ngati iwo analephera kulosera, munthu woima kutsogolo kwa kanema ndi ndalama ya ndiwo m'manja asadzinyenge kuti adzakhoza. Amene amakonda akavalo ali ndi njira zina zowayandikira: kusamalira makola, kusula ndi kukhoma nsapato za akavalo, kapena kuphunzira udokotala wa ziweto pa Samora Machel School of Veterinary Medicine ku University of Zambia.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Sankhani chiweto chimodzi cha pakhomo panu kapena pa anansi. Funsani mwini wake kuti make ndi uti, atate ake ndi uti, ndipo makolo a amenewo anali ati. Lembani mpaka pamene mayankho athera, ndipo muwerenge kuti mwabwerera mibadwo ingati. Kenaka tsegulani tsamba latsopano, mulembepo mwana woyamba amene adzabadwe m'kholamo.